Chibwano cha Abiti Saidi

Yohane ndi Eneless, ana anga, mwakhala mukundifunsa chimene chinandichotsa m'tauni ya Mangochi ntchito ili m'manja n'kundibwezera kuno ku Nkope. Ndinkakuyankhani kuti miyendo inatopa. Miyendo inatopadi, koma inatopa pambuyo pake. Tsopano poti eni nkhani onse anatisiya, ndilemba. Mayina ndawasintha, chifukwa ana awo alipo, ndipo ena mumagula nawo tomato mumsika umodzi.

1980

Ntchito yanga yoyamba inali yochapa ndi kusita zovala za alendo pa hotela ina kufupi ndi Makokola. Sindinaikonde, komanso sindinadane nayo. Inali ntchito basi. Tsiku lina ndikusokerera batani pa shati ya mlendo, anandipeza Mayi Zubeda, mmwenye wa ku Limbe amene ankayendetsa saluni ya pahotelapo. Anaima n'kumayang'ana zala zanga, osandipatsa ndi moni womwe. Kenaka anati, "Iwe, mawa ubwere kwa ine. Kuchapa aliyense amachapa." Mkulu wa kochapira ananyinyirika, koma Mayi Zubeda sanali munthu wokanganika naye. Zaka zonse zimene ndinagwira nawo sanandiyamikepo. Ukalakwitsa ankakumenya kachala ndi chipeso, ukakhoza ankangokhala chete, ndipo ife tinaphunzira kukondwera ndi kukhala chete kwawoko.

Ndiwo anandiphunzitsa ntchito ya ulusi. Umadula ulusi wosokera wautali ngati mkono, kumanga nsonga zake, kuulowetsa m'zala za manja onse n'kuupota pakati. Ukatsegula zala za dzanja lino n'kutseka za linalo, popotekapo pamayenda pakhungu n'kuzula tsitsi ndi muzu womwe. Ndinaphunzirira pamwendo wanga mpaka unasalala ngati wa khanda. Lezala Mayi Zubeda sankafuna n'kuliona komwe. Ankati limangodula pamwamba, tsitsi n'kubwerera lobaya, ndipo pakhungu lathu lakuda limasiya ziphuphu ndi zipsera. Amayi achizungu achikulire ankabwera, kugona chagada pampando, kuloza chibwano ndi mlomo wam'mwamba, n'kupitiriza kuwerenga magazini ngati palibe chikuchitika. Ine ndinkayesa kuti ndevu za akazi ndi matenda a azungu, ndipo tsiku lina ndinanena zimenezo. Aka kanali koyamba kuwamva Mayi Zubeda akuseka. "Udikire," anatero. "Ukadzasiya kusamba udzandiuza. Thupi limatembenuka. Tsitsi la kumutu limachepa, lina n'kutulukira kuchibwano. Mzungu, mmwenye, iwe, chimodzimodzi." Lamulo lawo linali limodzi: chimene waona pankhope ya munthu chimathera pampando pomwepo.

1996

Hotela itagulidwa ndi anthu ena, Mayi Zubeda anabwerera ku Limbe. Eni atsopano anabweretsa atsikana a masatifiketi ochokera ku Blantyre, ndipo ine, amene satifiketi yanga inali zala, anandiuza mwaulemu kuti ndikapume. Ndinapeza malo m'tauni, pa saluni ya Mayi Gondwe pafupi ndi msika. Iwo anali munthu wa bizinesi, wosakonda zocheza, koma wachilungamo. Ntchito inali kuluka, kuwongola tsitsi ndi mankhwala, ndi kuumitsa magetsi akakhalapo. Za ulusi sindinawauze, chifukwa sindinkaganiza kuti m'tauni muno muli amene angazifune.

Amene anandisintha maganizo anali Abiti Saidi, mkazi wa Che Jafali, mwini maboti awiri a usodzi ndi golosale. Anali mayi wamtali, wolankhula pang'ono, woyenda mutu uli m'mwamba. Tsiku lina ndikuwaluka, ndinawapendeketsa mutu, mpango n'kutsetsereka, ndipo ndinaona pansi pa chibwano pali zipsera zakuda ndi tiziphuphu. Ndinadziwa lezala. Ndinadikira mpaka anzanga atatuluka.

"Mayi, lezala likukuwonongani," ndinanong'ona. "Ilipo njira ina."

Anandiyang'ana m'galasi nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti ntchito yanga yathera pomwepo.

"Mwaona chiyani, make Yohane?"

"Ndaona zimene ndaona kwa amayi ambiri. N'kukula chabe."

"Che Jafali sadziwa," anatero. "Ndimameta iwo akapita kumzikiti m'mamawa. Wallahi, akadzadziwa, ine ndidzalowa pansi."

Ndinawalowetsa m'kachipinda ka kuseri kosungiramo zidebe, n'kuwakhazika pa chitini. Sanabuule ngakhale pang'ono, misozi yokha ndiyo inatsika, poti ulusi umaluma tsiku loyamba. Atadzisisita pachibwano anati, "Sikomo," n'kupita. Kuyambira pamenepo ankabwera mwezi ndi mwezi, akuti kudzaluka.

Sindidziwa mmene nkhani inayendera, poti aliyense ankalumbira kuti sanauze munthu, koma pofika chaka chinacho kachipinda kaja kanali ndi anthu ake. Amayi achisilamu, amayi a Mvano, aphunzitsi, akazi a mabwana a m'maofesi. Onse ankalowa pakhomo la kutsogolo kudzaluka, ena tsitsi lawo lomwe linali lolukaluka kale. Mayi Gondwe atazindikira anagula mpando wabwino ndi katani, ndipo ntchitoyo anaitcha "sipeshala". Inu a masiku ano mwina mukuseka, koma kwathu kuno mkazi wa ndevu sanenedwa zabwino. Amati ndi wankhanza, amati ndi wokhwima, ndipo pakagwa maliro osamveka bwino pamudzi, maso amayamba kupita kwa iye. Choncho amayiwo sankagula kukongola ayi. Ankagula mtendere.

M'gulu lawo munalinso Abiti Amidu, mlongo wake wa Che Jafali. Awiriwa, iye ndi Abiti Saidi, anali pachilamu chosamwerana madzi. Abiti Amidu ankati mlamu wakeyo anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazinso, koma akudya chuma cha mbumba yonse. Ndinkawaika masiku osiyana, ndipo palibe anadziwa za mnzake. Za chibwano cha Abiti Amidu ndingonena kuti ulusi umodzi sunkakwana.

Sindinganene kuti ine ndi Abiti Saidi tinali mabwenzi a ponda apo m'pondepo. Koma bambo anu atamwalira, iwo anakwera matola mpaka kuno ku Nkope, nakhala pambali panga pamphasa tsiku lonse, Msilamu mmodzi pakati pa nyimbo za tchalitchi. Ndinawakonda mayi amene uja, ndipo ndikulemba apa kuti mudziwe.

2011

Chimenechi chinali chaka chija mafuta a galimoto ankasowa, anthu n'kumagona pamzere. Mankhwala a tsitsi anasiya kubwera kuchokera ku Blantyre, magetsi ankangozimazima, ndipo chimene chinkadyetsa saluni yonse chinali kachipinda ka kuseri, poti ulusi wokha sunasowepo m'sitolo. M'chaka chomwecho Che Jafali anagwa padooko akuyang'anira maukonde. Pofika naye kuchipatala anali atatha. Munthu wosadwala, wodzuka bwinobwino.

Abiti Saidi analowa eda. Kwa anzathu achisilamu, mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzola zonunkhira, osadzikongoletsa, osayendayenda. Amayi achibale ankasinthana kukhala naye usana ndi usiku. Galasi analichotsa m'chipindamo. Ine ndinapita kukapepesa maliro tsiku loyamba, n'kubwerera kuntchito. Kunena zoona, za chibwano sindinaziganizire.

Patapita milungu ingapo, nkhani inandipeza ndikuluka mtsikana wina. Mu saluni nkhani sufunsa, imabwera yokha. Akuti mkazi wa Che Jafali wamera ndevu. Akuti ndevu za malemu zasamukira kwa iye, ndiye kuti anamudya mwamuna wake n'kumulanda mphamvu. Akuti achibale akumana ikatha sadaka ya masiku makumi anayi, ndipo amuchotsa panyumbapo abwerere kwawo kumapiri, kumene anachoka ali mtsikana ndipo kunalibenso wake. Ndinafunsa kuti anayamba kuona ndani. Anati ndi Abiti Amidu.

Mawa lake masana ndinapita kwa Abiti Saidi, ulusi uli m'kachikwama. Ndinawapeza ali pamkeka, ataonda, mpango atakulunga mpaka kukamwa. Mayi amene ankawadikirira atapita kukatunga madzi, anatsitsa mpango. Zinali ndevu zoyera ndi zakuda, osati zambiri kuposa kale, kungoti zinali zisanapatsidwepo mpata wotalika chotere.

"Tichite msanga asanabwere," ndinatero.

"Ayi," anayankha. "Poyamba ndinkaopa kuti pa eda n'zoletsedwa. Pano aziona onse. Dzulo zinalipo, lero palibe, adzati chiyani? Adzati mfiti yazibisa."

Ananena zoona, ndipo ndinabweza ulusi m'chikwama.

"Ndiye ndiwauze," ndinatero. "Ndiwauze kuti zinayamba kalekale, Che Jafali ali moyo, ndipo ndimazula ndine."

Anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Make Yohane, mwamuna wanga wapita osadziwa. Mukufuna tauni yonse idziwe kuti zaka zonsezi ankagona ndi mkazi wa ndevu womunamiza? Aziseka manda ake? Bola anditche mfiti."

"Akulandani nyumba."

"Alande. Mulungu alipo. Inu musanene kanthu. Lonjezani."

Mayi uja analowa ndi madzi ndisanayankhe, choncho sindinalonjeze. Koma ndinadziwa, ndipo iwonso anadziwa, kuti kwa munthu ngati ine lonjezo linalipo kale.

Ndinakafotokozera Mayi Gondwe. Anamvetsera akupukuta zipeso. "Amake Yohane," anatero, "mukangotsegula pakamwa, aliyense wolowa pakhomo ili azidzayang'anidwa kuchibwano. Ndani adzabwerenso? Muli ndi ana awiri kusukulu, ine ndili ndi atsikana anayi ofuna malipiro. Mwini wake wakana. Inu ndinu ndani?" Sindinawaone ngati munthu woipa, ndipo mpaka lero sindiwaona choncho. Zonse zimene ananena zinali zoona.

Panali njira ina yachidule. Ndikanatha kumukokera pambali Abiti Amidu n'kumuuza kuti akapitiriza, ndiulula zake. Ndinaiganizira njira imeneyo, ndipo inandikomera. Koma nkhani inali itachoka kale m'manja mwake, inali m'kamwa mwa amuna a pabanjapo amene maso awo anali pa maboti. Komanso munthu amene anagona pampando wanga n'kundipatsa khosi lake sindikanamuopseza nalo, ngakhale akhale woipa mtima chotani. Chinatsala n'chakuti chinsinsi chimene ndikanaswa chinali cha munthu amene ndinkamukonda, cha mdani wake n'kuchisunga. Ndinaona kuti n'zopanda chilungamo, koma njira ina sindinaipeze.

Tsiku la sadaka ndinavala chitenje changa chabwino ndi mpango, n'kupita. Amuna anali panja pansi pa tenti, amayi tinadzaza m'chipinda chochezera ndi pakhonde la kuseri. Abiti Saidi anali pakona, mbali zawo zonse pali mpata, ngati munthu wa chifuwa chachikulu. Anthu atadya, ndinapempha mkazi wa shehe, mayi wachikulire wolemekezeka, kuti andilole ndilankhule. Anadabwa, poti ndinali mlendo komanso Mkhristu, koma analola.

"Amayi, ambiri mumandidziwa kuti ndimaluka tsitsi," ndinayamba. "Koma ilipo ntchito ina imene ndimagwira. Ndimazula ndevu za amayi. Za Abiti Saidi ndakhala ndikuzula kuyambira mwana wawo Asiyatu asanakwatiwe. Sizinachoke kwa malemu. Zinabwera atasiya kusamba, ngati mmene zimabwerera kwa ambiri."

Abiti Saidi sanandiyang'ane. Anangotseka maso.

Mayi wina anati, "Tikhulupirire bwanji?"

Ndinali nditazikonzekera. Milungu imeneyo changa chibwano ndinali nditachileka dala, poti nanenso nthawi imene ananena Mayi Zubeda inali itandikwanira. Ndinamasula mpango, kutulutsa ulusi, kuupota, n'kudzizula pamaso pawo, opanda galasi. Kenaka ndinayala ulusiwo pachikhatho n'kuupereka kwa mkazi wa shehe. Anauyandikiza kumaso, naona titsitsi ndi mizu yake.

"Ndiye kuti alipo enanso?" anafunsa.

"Ambiri."

"Ndani?" anafunsa wina kumbuyo.

"Amenewo sinditchula."

Palibe chimene ndinaonapo chofanana ndi zimene zinatsatira. Amayi odzaza chipinda, aliyense akuyesetsa kusayang'ana chibwano cha mnzake, ndipo manja angapo akukwera okha kukakonza mipango imene inali bwinobwino. Abiti Amidu anali moyang'anizana nane. Ankadikira dzina lake, thukuta lili kamukamu pamphumi. Ndinamuyang'ana mmene ndinayang'anira wina aliyense. Mkazi wa shehe anapinda ulusi uja m'kansalu, nati, "Mayi anga omwe anali nazo. Tinkawazula ndi zala ife ana, tili kuseri kwa nyumba." Anadzuka n'kupita kukaitana mwamuna wake pambali. Zimene anakambirana sindinazimve. Ndinangomva pambuyo pake kuti shehe anawauza amuna aja kuti kumutcha munthu mfiti popanda umboni ndi tchimo lalikulu, kuti mkazi wa pa eda sachotsedwa m'nyumba ya mwamuna wake, ndiponso kuti mkazi kuchotsa ndevu ndi ukhondo, osati kudzikongoletsa. Maboti anagawana monga mwa chilamulo chawo. Nyumba inatsala ndi Abiti Saidi ndi Asiyatu.

Potuluka ndinagwada pafupi nawo kuti nditsanzike. Anatsegula maso.

"Mwandivula pagulu," anatero motsitsa. "Pitani."

Zimene ananena Mayi Gondwe zinachitika ndendende. Anyamata a kabaza anayamba kutcha saluni yathu "kometa agogo". Amayi a kachipinda kaja anasiya kubwera, ngakhale oluka enieni achikulire anasamukira kwina kuopa kuganiziridwa. Ena ndinkakumana nawo mumsika, zipsera za lezala zitabwerera, n'kundilambalala ngati ndili ndi ngongole yawo. Abiti Amidu sanabwerenso, ndipo sanandithokoze, komatu sindinkayembekezera. Chaka chisanathe Mayi Gondwe anandiitana n'kundiuza kuti sangakwanitse kundisunga. Tinasiyana bwino. Iwe Eneless, ndi chaka chija unachoka kusukulu yogonera konko n'kuyamba yoyendera, ndipo ndinakuuza kuti n'chifukwa cha mavuto a m'dziko. Theka lake linali loona.

Ndinabwerera kuno n'kumaluka pakhonde. Walira mvula walira matope. Sindinadandaule pamaso pa anthu, koma mumtima zinandiwawa, makamaka za Abiti Saidi. Ndinawatumizira moni kangapo kudzera mwa Asiyatu, amene ankachita geni ku Chiponde ndipo ankadutsa kuno nthawi zina kudzagula usipa. Moni wanga sunabwezedwe. Mukandifunsa ngati ndinalakwa, ndikuyankhani kuti ndinaswa lamulo la ntchito yanga ndikudziwa, ndipo zitabwereranso ndikhoza kuswanso. Koma manyazi amene anawagwera anali awo, osati anga, ndipo amene anasankha kuti awasenze ndinali ine.

2020

M'nyengo yozizira Asiyatu anafika pa njinga yamoto. Sanafune kukhala pansi.

"Amayi akudwala kwambiri," anatero. "Adokotala atibweza kunyumba. Akuti mubwere."

"Akuti ndibwere ine?"

"Akuti mubwere ndi ulusi. Kwathu munthu akamwalira sachotsedwa tsitsi, amapita mmene alili. Ndiye akufuna zichitike akadali moyo. Ine ndimawazula ndi kachitsulo, koma akuti ndimawapweteka."

Maso anga anali atayamba kale kuchita chifunga, ndipo zala zinkauma m'mawa. Ndinatenga magalasi ndi ulusi woyera, n'kukwera kumbuyo kwa njinga.

Nyumba inali yomwe ija, atangoipaka laimu watsopano. Abiti Saidi anali atagonekedwa pafupi ndi zenera kuti pakhale kuwala. Anali atatha thupi, koma mutu unali womwe uja wosawerama. Ndinapereka moni. Anangokweza chibwano.

Ndinagwira ntchito yanga pang'onopang'ono, poti khungu linali lopyapyala ngati pepala. Asiyatu anagwirizira mutu. Kunkangomveka ulusi. Nditamaliza ndinapukuta ndi kansalu konyowa, ndipo iwo anakweza dzanja movutikira n'kudzisisita kuchokera kukhutu mpaka kukhutu linalo.

"Make Yohane."

"Ine, mayi."

"Musaganize kuti ndakukhululukirani."

"Sindikuganiza choncho."

"Che Jafali akanamva, akanalira ndi manyazi." Anapuma kaye. "Koma ndikufera m'nyumba mwanga."

Ndinayamba kukulunga ulusi wotsala, koma anandigwira chala.

"Khalani kaye," anatero. "Asiyatu, apatse tiyi mlendoyu."

Ndinakhala mpaka dzuwa litapendeka, iwo ali m'tulo, chala changa chili m'dzanja lawo. Anamwalira Lachisanu la sabata yomweyo, ndipo ulusi sindinaugwirenso.